Mafupa a m'Chitsime

Mafupawo anawapeza ine ndisanabwere. Anyamata a kumudzi kwathu, kumtunda kwa Ulongwe, anaganiza zofukula chitsime chakale cha pa kantina, sitolo ya Mpwitikizi, kuti azithirira mbatatesi m'chilimwe. Kantinayo inagwa kalekale, njerwa zake anthu anagawana n'kumangira makola a nkhumba, koma chitsime chinatsala, chitadzaza dothi. Atakumba mpaka dzenje kuwameza, khasu linagunda chigaza cha munthu. Pofika madzulo zigaza zinali zitatu.

Nkhaniyi inandipeza ku Porto, kwawo kwa Apwitikizi, kumene ndinatha zaka zoposa makumi atatu ndikulondera nyumba yosungiramo mabuku osagulika. Ntchito yake inali kukhala pansi. Choncho ndinawerenga zonse zimene azungu analemba n'kuzikana okha: mbiri za nkhondo, malamulo a Mpingo, kawetedwe ka njuchi, matenda a mafupa. Mutu wanga unakhala ngati nkhokwe ya chimanga chofumbwa, yodzaza bwino koma yosadyetsa munthu.

Anandiimbira ndi alamu anga, a Isaura.

"Alamu Serafim, mng'ono wanu wapezeka. Bwerani."

Mng'ono wanga Armindo anali wokonza njinga. Anamanga ukwati ndi a Isaura m'tchalitchi mu 1985, ine ndili ku seminaliyo. Chaka chotsatira anthu a mfuti anafika m'mudzi, namutenga pamodzi ndi amuna ena kuti akawanyamulire katundu, ndipo sanabwerenso. Otsala anathawira ku Dedza. Ine ndinathawira kutali kuposa onse, unsembe n'kuutaya panjira. Ku kampu ya othawa nkhondo a Isaura anadziwana ndi a Lino, mmisiri wa matabwa wa konko, ndipo nkhondo itatha a Lino anawatsatira kuno kudzakhala mkamwini. Anabereka ana anayi, onse anakula n'kupita kutauni. Koma m'maso mwa Mpingo a Isaura anali adakali mkazi wa Armindo. Ukwati wa m'tchalitchi umatha ndi maliro, ndipo maliro a Armindo panalibe anawaona. Motero mayi amene amasesa tchalitchi Loweruka lililonse, amene amachapa nsalu za paguwa, anali asanalandire Ukalistia chichokere ku Dedza.

Ndinabwera. Angónia wa kwathu amene ndinamusunga m'mutu anali wa nkhungu ya m'mawa, mapichesi ogwa okha, ng'ombe za Angoni zikutsetserekera kudambo mnyamata akuimba mluzu pambuyo. Ndinapeza mapiri ometedwa mpala, njinga zamoto zikulira ngati mavu, ndi ana ondipatsa moni m'Chipwitikizi pakhomo pomwe panakwiriridwa mchombo wanga. Palibe anandilakwira. Dziko silinalonjeze kundidikira.

A Isaura ndinawapeza pakhonde, miyendo itatupa ngati mitondo. Madotolo ku Tete anati mtima wakula, n'chifukwa chake mpweya unkawaperewera pakati pa chiganizo.

"Armindo ndamudziwa ndi mendulo," iwo anatero. "Mendulo ya Amayi Maria. Unyolo wake unaduka ukwati usanathe mwezi, iye n'kupinda sipoko ya njinga kupanga kolowekera. Ndani wina m'dziko lino amavala Maria pa sipoko?"

Anandifotokozera kuti adzukulu anatsuka mafupawo, nawaika m'mabokosi atatu, nawakwirira kumanda a m'mudzi. Bokosi la mendulo linali la Armindo. Awiri enawo anawatenga mabanja ena amenenso anataya anthu tsiku lomwe lija.

"Ine chinthu chimodzi basi, alamu. Ndimange ukwati ndi bambo awa ndisanafe. Ndikalandire Ukalistia ndili mkazi wa munthu, osati chibwenzi cha zaka makumi atatu."

A Lino anali pambali akupala thabwa. Sanadzutse mutu.

"Jekete ndinagula kale pa kalamidadi, pa kaunjika paja," iwo anatero. "Ikungodikira kuti anzangawo amwalire bwinobwino."

"A Lino, pakamwapo!"

"Ndanama? Munthu wandisunga pamzere kuyambira ndili ndi tsitsi."

Tinaseka tonse atatu, a Isaura mpaka kutsokomola. Kenako anandiuza chimene anandiitanira. Panali chopinga, ndipo chopingacho chinali mlongo wanga Celina.

Celina ndinamupeza akupuntha nyemba pabwalo. Sanasiye ndodo pondipatsa moni.

"Achimwene, mwabwera kudzakwirira munthu wamoyo?"

"Celina, mendulo waiona."

"Mendulo amavula. Mendulo amalanda. Wa malonda wina anamuona Armindo ku Beira nkhondo itatha, akunyamula matumba padoko, ali ndi mkazi wa Chisena. Wa malonda uja analumbira pamaso pa amayi."

"Wa malonda uja ankaonanso njovu ku Lifidzi akamwa."

"Sekani. Inu munali ku Ulaya mukuwerenga. Amene ankawatembenuza amayi pamphasa ndine. Anamwalira maso ali kumsewu, ndipo mawu awo otsiriza anali akuti mwana wanga musamulire. Ine sindingamulire kuti wina avale velo."

Celina anali atapita kale kwa abambo mfumu kukanena zomwezo. Abambo mfumu a parokiya yathu ndi wachinyamata, wofatsa, wa nsapato zofumbira. Anandilandira bwino. Anati nkhani ya munthu wosowa imagamulidwa ndi aepiskopi, ndipo mendulo ikanatha kukwanira pakanakhala kuti banja likulankhula mawu amodzi. Koma mlongo wake weniweni akuti munthuyo ali moyo, ndipo pali mbiri yoti anaonedwa. Pamafunika umboni wolemera kuposa mbiriyo.

Pamenepo ine ndinalankhula ngati munthu wobwera ndi mvula. Ndinati masiku ano fupa amalipima. Amatenga kachidutswa, amatenganso malovu a m'bale wake, makina n'kuyerekeza chimene amati DNA, chizindikiro chimene makolo amasiya m'thupi mwa ana awo. Ndinati kumaiko amene nkhondo inakwirira anthu m'maenje, amayi alandira ana awo mwa njira imeneyi. Zonsezi zinali zoona. Abambo mfumu anati zikatero iwo adzapita nazo okha ku Tete. Celina, nditamuuza, anati: "Pimani. Koma malovu anga ayi."

Chilolezo chofukula chinandidyera nyengo yonse yachisanu. Ndinakwera chapa, minibasi ya ku Tete, mpaka makondakitala anayamba kundisungira mpando. Kupolisiya ananditumiza kwa prokuradori, loya wa boma, prokuradori ananditumiza kuchipatala, kuchipatala anati wodziwa ntchitoyo ali ku Maputo. Ndinaphunziranso kuimirira m'makonde a maofesi chipewa chili m'manja, luso limene ndinkaganiza kuti linapita ndi atsamunda. Pomaliza anatitumizira dona Sílvia, mayi wa laboratoriyo, wamng'ono thupi, wachangu, wosadziwa Chinyanja ngakhale moni. Womasulira ndinali ine.

Kumanda tinapeza akuluakulu, eni manda, atakhala kale pansi pa mtengo. Adzukulu anali ndi makasu awo. Mkulu wa adzukulu ndi a Cassimiro, amene tinkaweta nawo ng'ombe tili ana. Udzukulu umalola munthu kunyoza anamfedwa mmene angafunire, ndipo a Cassimiro ufulu umenewu sanausiyepo kunyumba.

"Mzungu wathu wafika! A dotolo, mwatibweretsera chiyani, vinyu kapena chifuwa? Mng'ono wanu tinamugoneka bwinobwino, lero mukuti adzuke akayezedwe ngati fodya."

Akuluakulu anali ndi mawu awo. Manda atsegulidwa kamodzi kokha, ndipo dzuwa lisanafike pamutu akhale atatsekedwa. Mafupa anakulungidwa m'nsalu yoyera yosokedwa, ndipo nkhope ya womwalira saiona kawiri. Dona Sílvia anati akufuna dzino, kapena fupa lolimba la kuseri kwa khutu, chifukwa ndi mmene chizindikiro chimakhalitsa. Nditamasulira, mkulu wina anafunsa kuti fupa la kuseri kwa khutulo amalitenga bwanji. Ndinati amacheka chigaza.



"Mutu sadula," mkuluyo anatero. "Anthu a mfuti anamusiyira mutu wake. Inu abale ake ndiye mukamudule?"

Ndinayesa kufotokoza. Ndinatchula asayansi, ndinatchula maiko. Anandimvera mwaulemu ngati mmene amamverera mwana akamalakatula ndakatulo ya kusukulu, kenako anabwereza mawu omwewo. Anagwirizana zoti asomole nsalu kumiyendo kokha. Dona Sílvia anayang'ana kumwamba kumene mitambo inayamba kusonkhana, nati fupa la ntchafu limathandizanso. Anavala magolovesi, anatsika m'dzenje, a Cassimiro anamasula ulusi n'kusolola fupa limodzi lalitali, lofiirira ngati mtengo wa mlombwa. Kasowo kake kanalira pang'ono chabe.

"Muwauze acheke pang'ono," a Cassimiro anatero. "Munthuyu akadali ndi ulendo."

Sindinamasulire. Ndinkayang'ana fupalo ndikuyesa kumva kanthu, koma sindinamve kalikonse. Kenako dona Sílvia anandipaka kathonje m'kati mwa tsaya, natsekera m'kabotolo.

"Basi?" anafunsa a Cassimiro. "Ulendo wonse wochokera ku Ulaya, kudzalavula?"

Tinadikira. A Isaura miyendo inapitirira kutupa, koma nkhope inawala. Amayi a kwaya anayamba kudzera pakhomo pobwera kumunda kudzakambirana za nyimbo. A Lino anapala mabenchi awiri atsopano, akuti alendo a ukwati asadzakhale pa zidebe. Ine ndinkayenda m'mudzi mutu uli m'mwamba. Kwa nthawi yoyamba chibwerereni, ndinkaona ngati ndabwera ndi kanthu.

Foni inalira ndili pamsika wa Ulongwe, pakati pa milu ya kabichi. Anali dona Sílvia. Anati chizindikiro chapezeka, choyera bwino. Fupalo ndi la mwamuna wamkulu. Koma mwamunayo si m'bale wanga.

Ndinafunsa ngati makina sangalakwe. Anati abwereza kawiri. Ndinafunsa chinthu chimene mwana safunsa, ngati mwina ine ndi Armindo tinali a abambo osiyana. Anati anayang'ananso za kuchikazi, zimene ana a mimba imodzi amafanana nazo ndithu, ndipo n'zosiyana. Anapepesa. Anati zotsatira zatumizidwa kale kwa prokuradori, monga mwa lamulo.

Ndinayamba ndi Celina, poganiza kuti bola ndiyambe ndi amene asangalale. Sanasangalale. Anakhala pansi pomwepo, padothi, manja pamutu.

"Ndiye ali kuti, achimwene?"

"Iwe unkati ali ku Beira."

"Ndinkati. Kunena n'kosavuta." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndinkapitako kumanda kuja, inu simukudziwa. Ndinkazula udzu."

Kenako ndinakauza a Isaura. Atapeza mpweya anangoti: "Nanga mendulo?" Funso limenelo ndi limene linanditengera kwa a Cassimiro.

Ndinawapeza akukonza gudumu la ngolo, ng'ombe zili pamthunzi. Ndinawafunsa kuti mtembo wa mendulo anaupeza utagona bwanji m'chitsime muja.

"Mtembo? A dotolo, munali mitembo mmene muja? Munali phala. Anthu atatu kuwaponya m'dzenje limodzi, mvula ya zaka zonsezi, pamwamba anyamata n'kubwera ndi makasu. Mafupa anatuluka ngati nkhuni za mtolo womasuka."

"Ndiye munadziwa bwanji kuti ili ndi la uyu, ili ndi la uyo?"

"Tinayala mphasa zitatu. Pamphasa iliyonse mutu. Kenako tinagawa."

"Munagawa."

"Mwachilungamo. Nthiti mulu, mulu, mulu. Palibe anadandaula." Anamenya gudumu ndi hamala. "Vuto linali miyendo. Mafupa a ntchafu tinapeza asanu, anthu atatu. Wina anayenera kupita kwa Mulungu akudumphira. Ine ndinati Armindo ayi, wa njinga sangapalase ndi mwendo umodzi. Ndinamusankhira ndekha, aatali, owongoka bwino."

"A Cassimiro, Armindo anali wamfupi."

"N'chifukwa chake! Anavutika nawo ufupi ali moyo, mpando wa njinga kuutsitsa mpaka pansi. Ndinati kumeneko akayende ngati bwana."

 Ndinafunsa za mendulo, ngati inali pakhosi pa chigaza chimene anaika m'bokosi lija.

"Inali pansi penipeni, yokha, m'matope. Tinaveka amene anali ndi chipumi ngati cha malemu bambo anu."

"Ndiye kuti mutuwonso mwina si wake."

"Mwina ndi wake."

"Bwanji simunanene tsiku lija? Munasolola fupalo ndi manja anu!"

"Munandifunsa? Munati makina amadziwa munthu. Ine ndinati ngati amadziwa munthu, aona kuti bokosi ndi la Armindo, amene analilira ndi mkazi wa Armindo." Anaika hamala pansi. Nthabwala zinali zitawathera, ndipo nkhope yawo yopanda nthabwala ndinali ndisanaionepo. "Serafim, ife tinaphunzira kuti munthu asapite wopereweza. Apolisiya anafika titasoka kale nsalu, anawerenga mabokosi n'kupita. Palibe anatiuza kuti kudzabwera munthu wofunsa fupa dzina."

Ndinafuna kuwakalipira, koma ndinaleka. Anthu amene anatsika m'matope ndi manja awo, natsuka nthiti za anthu osawadziwa ndi madzi ofunda, ndikanawauza chiyani ine wobwera ndi ndege?

Njira inalipo, ndipo ndinaiona msanga. Armindo ali m'mabokosi atatu aja, pang'ono umu, pang'ono umo. Kufukula onse, kupima zigaza zonse zitatu, chimodzi chidzayankha. Ndinaimbira dona Sílvia, anavomereza kuti n'zotheka, koma prokuradori sangalole popanda mabanja onse kuvomera. Ndinapita kwa akuluakulu. Anandikumbutsa kuti anati kamodzi, komanso kuti mutu sadula. Ndinati mwina dzino lokha. Anati kafunseni eni mabokosi enawo, akalola tidzakhalenso pansi.

Bokosi lachiwiri linatengedwa ndi a Fátima, amene mchimwene wawo anagwidwa pamodzi ndi Armindo. Anali atamanga kale chiliza cha simenti, n'kumata matailosi oyera, dzina n'kulilemba ndi utoto wabuluu. Anandimvera mpaka kumapeto, akusenda chimanga m'lichero.

"Ndamva, a Serafim. A Isaura ndimawamvera chisoni, tinathawa limodzi, tinagona m'tenti imodzi. Koma ndifunse. Makina anuwo akadzati achimwene anga mulibemo mmenemo?"

"Ndiye kuti mwadziwa zoona."

"Ndizitani nazo? Ine zaka zonsezi ndinalibe polira. Pa tsiku la mizimu anzanga amapita kumanda ndi maluwa, ine ndimatsala ndikusesa pabwalo. Tsopano ndapeza pogwada. Inu munali ndi bokosi, munalipima, lero mulibe. Mukufuna nanenso nditaye langa? Akadzati si iwo, mudzandipatsa wina?"

Ndawerenga mabuku ambiri otsutsa maganizo otere, ndipo ena ndi olembedwa bwino. Pakhonde pa a Fátima sindinakumbukire ngakhale limodzi. Banja lachitatu silinandilole n'komwe kukhala pansi.

Abambo mfumu anamva zonse, za mphasa zitatu, za miyendo isanu. Sanaseke ndipo sanakwiye. Anati alemba umboni wa a Cassimiro, atumiza pamodzi ndi wa mendulo. Celina nayenso anali atabwera kudzanena kuti sakutsutsanso. Koma zotsatira za laboratoriyo sangazibise, ndipo aliyense wowerenga nkhaniyi ku Tete adzayamba waona kuti munthu amene anafukulidwa si Armindo. Nkhani yosokonekera chonchi aepiskopi saigamula okha, amafunsa ku Roma. Lamulo limenelo ndinkalidziwa, ndinaliwerenga ndili pampando wanga wa ulonda, osadziwa kuti ndikuwerenga za alamu anga.

"Zitenga nthawi yaitali bwanji, abambo?"

Anatambasula manja. Tonse awiri tinkadziwa miyendo ya a Isaura.

"Akafika pa imfa penipeni ndidzawapatsa masakramenti, zimenezo musakayike," iwo anatero. "Koma iwo akufuna kulandira ali maso, akuyenda okha. Ukwati sindingamange. Chotsala ndi chimene akuchidziwa kale, anachikana kalekale. Kulekana nyumba ndi a Lino, pamenepo angalandire."

Sindinakauze a Isaura zimenezi. Panalibe chifukwa, m'mudzi mawu amafika munthu asanafike. Patapita masabata angapo anandituma mwana kuti ndipite. Ndinapeza bokosi la zipangizo la a Lino lili pakhonde, lomangidwa ndi mphira, pamwamba pake bulangete lopinda.

"N'chiyani ichi?"

"Ndikupita kwathu ku Dedza, alamu," anatero a Lino. "Kwa ana a mlongo wanga."

"Mwapenga? Mangani kanyumba kuseri uku. Abambo mfumu anati denga lina basi."

"Ndimange gowelo ndi imvi zanga? Ndizidya mbale yochokera m'nyumba ya mkazi wa mwini, anthu akuona? Mkamwini wopanda mkazi alibe mudzi, inu mukudziwa. Komanso ndikakhala pafupi, awa akatsokomola usiku ndidzalowa. Ndikudzidziwa."

Ndinalowa m'nyumba. A Isaura anali pabedi, atatsamira mapilo. Ndinalankhula zambiri. Ndinati Mulungu si kalaliki wa ku administrasau, ku ofesi ya boma, woti adikire chidindo. Ndinati Armindo anafa, tonse tikudziwa, mendulo yake inali m'chitsime. Ndinati munthu amene wawasambitsa, kuwaphikira, kuwanyamula panjinga kupita nawo kuchipatala, ngati ameneyo si mwamuna wawo ndiye kuti mawu akuti mwamuna alibe ntchito. Anandisiya mpaka ndinatopa.

"Alamu, inu Mulungu munamusiya ku seminaliyo, ndipo mukukhala bwinobwino. Ine ndilibe kwina." Anapuma, kufunafuna mpweya. "Ndinkafuna zonse ziwiri. Ndadikira zonse ziwiri. Tsopano nthawi yatsala ya chimodzi."

"Ndipo mwasankha kuwathamangitsa."

"Sanandithamangitse," anatero a Lino ali pakhomo. "Ndanena ndine. Awa akanangofa chete osapempha. Bwerani kuno alamu, ndikuonetseni, nthawi ikupita."

Anandionetsa mankhwala: kakang'ono koyera m'mawa, kamachotsa madzi, choncho chidebe chikhale pafupi. Kofiira akatha kudya. Mchere m'ndiwo ayi, ngakhale atalira, ndipo adzalira. Mwana wa mng'ono wawo wa a Isaura azidzagona nawo, koma ndi wa tulo, ndizimudzutsa. Kenako anagwada kumiyendo kwa bedi, nalowetsa mkono pansi pa akakolo otupawo, nawakweza pang'onopang'ono, dzanja lina likukankhira pilo. Anachita osayang'ana, ngati mmene munthu amatsekera chitseko cha nyumba yake.

"Mwaona? Osakoka. Khungu ndi lofewa, limang'ambika."

Anaimirira, napukuta manja m'thalauza.

"A kuchimuna ndinu, mwatsala nokha. Mkazi wanu uyu. Ndinabwereka, ndasunga mmene ndinathera, ndabweza."

"A Lino," anatero a Isaura, nkhope ili kukhoma. "Musalankhule ngati ndine khasu."

"Khasu likanandivuta chonchi?"

Palibe anaseka. A Lino anaima pang'ono, ngati akuyembekeza mawu ena, koma a Isaura sanatembenuke. Anatuluka. Ndinawanyamulira bokosi mpaka kumsewu, ndipo linali lolemera kuposa mmene ndinkaganizira. Tinadikira chapa. Itafika anakwera, kondakitala anakankhira bokosi pansi pa mpando, a Lino anakhala pakati pa amayi awiri a matumba a nyemba, maso ali kutsogolo.

Nditabwerera ndinapeza pilo itagwa pansi, miyendo ili pamphasa ya bedi. Ndinagwada, ndinalowetsa mkono pansi pa akakolo, ndinakweza.

"Si choncho, alamu," anatero a Isaura.

Ndinatsitsa, ndinayesanso.

"Si choncho. Siyani."